Himalayan 450 ndi njinga yabwino, koma ikalembe kaye mayeso pa nsewu wa ku Neno

Akonzi,

Ndipatseniko kadanga mu nyuzi yathuyi ndiyankhuleko za njinga zamoto, koma osati za ngozi za kabaza ayi, zimenezo mumalemba kale sabata ndi sabata ndipo timawerenga. Ine kwathu ndi ku Neno koma ndinatchona kuno ku Joni, chaka chino ndi cha 14, ntchito yanga ndi yokonza njinga zamoto pa galaja ina ku Germiston. Ndinayamba ndi kusesa ndi kutsuka masipanala, lero abwana akamachoka makiyi amasiyira ine. Nde zomwe ndilembe panozi si zoonera pa YouTube, ndi za munthu amene zikhadabo zake sizinayerepo kuyambira 2011.

Chandilembetsa ndi mkangano umene wavuta pa gulu lathu la WhatsApp la Amalawi okwera njinga kunoko. Mfana wina wa ku Mangochi amene amagwira ya delivery pa njinga ya Boxer wakhala akusunga ndalama zaka zitatu, akufuna agule njinga yaikulu yoti Disembala ikubwerayi apite nayo kumudzi yekha osakweranso basi, nde anafunsa kuti akuluakulu ndigule Himalayan yatsopano ija kapena ndigule chani. Eee anthu anayamba kuponya zithunzi, wina KTM, wina BMW, wina akuti usapusitsidwe za ku India ndi zidole, mpaka ena kutuluka pagulu. Chimene chinandinyasa ine nchoti onse amangowerenga mahosipawa pa intaneti ngati njinga imayenda pa pepala, panalibe olo mmodzi amene anafunsa kuti kodi mfanayo akagwa nayo kuseri kwa Makanjira aidzutsa ndi ndani.

Kwa amene sakuidziwa, njingayi amapanga ndi a Royal Enfield, kampani imene inayambira ku Redditch ku England, njinga yawo yoyamba inatuluka 1901, koma ya ku England inafa kalekale inatsala ndi ya ku India, ku Chennai, pansi pa Eicher Motors. Himalayan yoyamba inatuluka 2016, inali 411cc, magiya 5, mphamvu mahosipawa 24 basi, injini yoziziritsidwa ndi mphepo ndi oyilo, yofatsa ngati bulu. Yatsopanoyi anaionetsa ku Milan mu Novembala 2023 nkuyamba kuigulitsa ku Goa kumapeto a mwezi omwewo pa mtengo oyambira 269,000 rupee. Mwezi umenewo sindingauiwale chifukwa ndi omwe kwacha yathu inagwetsedwa ndi 44 peresenti, azungu akusangalala ndi njinga yatsopano ife tili kalikiliki kuyankha mafoni a kumudzi oti ndalama munatumiza ija sikwananso feteleza.

Dzina lokha ndi limene linatsala, china chilichonse anasintha. Injini amaitcha Sherpa, 452cc, pisitoni imodzi, ndipo ndi yoyamba ya kampaniyi kuziziritsidwa ndi madzi. Mahosipawa 40, magiya 6, thanki malita 17, tayala lakutsogolo mainchesi 21 lakumbuyo 17, mimba yake inatalikirana ndi nthaka mamilimita 230, mashoko a Showa otsika mamilimita 200 kutsogolo ndi kumbuyo komwe, kulemera makilo 196 ili ndi mafuta. Chingwe cha akisileta palibe, mukapotokola dzanja ndi kompyuta imene imauza injini zochita. Pa dashibodi pali kasikilini kozungulira koonetsa mapu a Google ochokera pa foni yanu. Kasitomala wathu wina anandibwereka yake Loweruka lina ndinazungulira nayo ku Magaliesburg, tara ndi fumbi lomwe, ndipo ndisanameyi, ndinabwerako ndikumwetulira.

Koma kumwetulira kwa Loweruka limodzi si mayeso. Mayeso enieni ine ndimawadziwa chifukwa ndawalembapo kanayi pa Suzuki DR650 yanga yokalamba: kuchoka Johannesburg, N1 mpaka Musina, kuwoloka Beitbridge, Masvingo, Harare, Mutoko, Nyamapanda, kulowa Mozambique pa Cuchamano, Changara, Tete, Moatize, Zobue, Mwanza, makilomita oposa 1,500, kenako nkusiya tara kuyamba kukwera mapiri a kwathu. Nsewu umenewu uli ndi mapepala atatu, la tara yaitali, la mafuta ndi kutentha, ndi la matope, ndipo palibe njinga imene imakhoza onse atatu ndi distinkishoni.

Pepala la tara tiyambe nalo poti ndi losavuta. Pa N1 malire ndi 120 ndipo ngati njinga yako singagwire 110 tsiku lonse mathiraki amakupumira kumsana, zoopsa zedi. Himalayan yakale ija apa inkalephera, ikafika 100 yatha mpweya. Yatsopanoyi 110 kapena 120 imagwira bwinobwino mu giya 6, kungoti pisitoni imodzi ndi imodzi basi, mapazi ndi manja amayamba kuchita dzanzi ukaithamangitsa nthawi yaitali, zimenezi aliyense amene waikwera amanena. Mfumu ya pepala ili ndi Honda CB500X imene pano akuitcha NX500, 471cc, mapisitoni awiri, mahosipawa 47, kulemera chimodzimodzi makilo 196, thanki malita 17.5, imayenda myaa ngati makina osokera ndipo injini imeneyo yakhalapo kuyambira 2013, ife ku galaja timangoiona pobwera kudzasintha oyilo ndi tcheni. KTM 390 Adventure ya 373cc ija ndi yothamanga, mahosipawa 44 pa thupi lopepuka, koma imafuna uziikalipira nthawi zonse, ukaiyendetsa mofatsa imanyinyirika. BMW G 310 GS ndi 313cc mahosipawa 34, mtauni ndi yokoma koma ulendo wa ku Musina imakhala ikukuwa njira yonse. DR yangayi magiya ndi 5, galasi lotchinga mphepo palibe, mpando ngati thabwa la pa tchalitchi cha kumudzi, pofika Polokwane umakhala utalapa machimo onse.

Apa ndiime kaye ndiwayankhe aja amati za ku India ndi zidole. Akuluakulu, KTM 390 mukuitamayo amaipanga ndi a Bajaj ku Chakan kufupi ndi Pune, kampani yomweyo imene imapanga Boxer ya kabaza. G 310 GS ili ndi chizindikiro cha BMW pa thanki koma inapangidwa mu fakitale ya TVS ku Hosur, eni ake a HLX imene yadzadza pa masiteji. Ndipo KTM itagwa mu ngongole kumapeto kwa 2024 amene anaitola ndi ndalama zawo ndi a Bajaj omwewo. Nde mukamakangana za Himalayan, KTM 390 ndi G 310 GS dziwani kuti mukukanganitsa amwenye atatu, awiriwo angovala suti ya ku Ulaya. Ine Boxer sindiinyoza, njinga imene imanyamula anthu atatu ndi thumba la makala tsiku ndi tsiku oyilo osasinthidwa miyezi inayi koma mmawa nkulira ndithu, imeneyo ndi yofunika kuivulira chipewa.

Pepala lachiwiri ndi mafuta, ndipo apa ndi pamene Mmalawi amasiyana ndi mzungu wolemba magazini ku London. Iye filing'i siteshoni ili pa makilomita 20 aliwonse ndipo ili ndi mafuta. Ife timadziwa za mizere yogona pompo ija, timadziwa kuti siteshoni kukhalapo si ndiye kuti petulo alipo. Nde thanki ndi moyo. Malita 17 a Himalayan ukamayenda mwaulemu amakupitirizitsa makilomita 400, apa yakhoza bwino kwabasi. G 310 GS ndi malita 11 okha. Honda CRF300 Rally malita 12.8 koma poti ndi 286cc imamwa ngati mbalame. DR650 imabwera ndi malita 13 ndipo imamwa ngati kuli ukwati, nchifukwa chake pafupifupi aliyense amene amayenda nayo maulendo amachotsa nkuikapo thanki yaikulu ya pulasitiki, ine ndinachita zomwezo. Ngamila yeniyeni ndi Kawasaki KLR650, malita 23 kuchokera ku fakitale, imeneyo mutha kuthira ku Tete nkukafika ku Blantyre osayang'ana siteshoni, nkutsalanso ena.

Koma si kuchuluka kokha, palinso mtundu wa mafutawo. Siteshoni ikauma umagula kwa mavenda a zigubu, ndipo mchigubu muja mumakhala zambiri, fumbi, timadzi, pena parafini. Petulo wa kwathu komanso wa ku Zimbabwe ndi wosakaniza kale ndi ethanol, wathu uja wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Njinga ya kabuleta ngati DR ikamwa zonyansa imatsokomola, umaima pansi pa mtengo, kumasula kasikulu kamodzi pansi pa kabuleta kukhetsa madziwo, zikavuta kumasula jeti nkuiuzira ndi pakamwa, theka la ola wanyamuka. Njinga ya injekishoni ngati Himalayan, KTM, Honda ndi KLR yatsopano ili ndi pampu mkati mwa thanki ndi kasefa kake, zimenezo zikatsekeka kapena pampu ikapsa palibe chouzira ndi pakamwa, ndi kufuna lole basi. Batire likafa chimodzimodzi, pampu imafuna magetsi, pamene ya kabuleta anyamata awiri akakukankha pa kamtsetse yalira.

Ndisakondere, injekishoni ili ndi ubwino wake umene ine ndimausirira. Johannesburg ili pamwamba mamita pafupifupi 1,750, Tete ili pansi penipeni mmbali mwa Zambezi, kenako ukukweranso mapiri. Kabuleta sadziwa zimenezo, jeti imene munaika ndi yomweyo, nde ukaitchuna bwino kunoko pofika kotsika mpweya umachuluka mafuta nkuchepa injini nkumatentha, ukaitchunira kotsika kuno imachita mwaye pa pulagi. Kompyuta imayeza yokha nkusintha, ku Nsanje kapena pa Chelinda pamwamba pa Nyika imalira mofanana, ndipo njinga imeneyi anaipangira misewu ya ku Ladakh yopitirira mamita 5,000 nde tizitunda tathuti ndi masewera. Mmawa wa Juni osalimbana ndi tchoko. Mafutanso imamwa ochepa. Kasefa ka nsalu kothirira petulo kamene kamakwana mthumba la jekete kamachotsa theka la mantha ndanena aja.

Kutentha kwa ku Tete mwezi wa Okotobala kapena Novembala amene anadutsako akudziwa, kumapitirira madigiri 40, mphepo yake ngati wina wakutsegulira uvuni kumaso. Pa mzere wa mathiraki ku Moatize injini ya madzi imapambana chifukwa fani imazungulira olo uli chiimire, ya mphepo imangowotcha miyendo. Koma rediyeta ndi chinthu chanthete, mwala umodzi olo kugwa kumodzi mbali yolakwika madzi onse pansi. Amene akugula Himalayan ndalama yoyamba asagulire malaiti okongola, agulire chotchinga rediyeta ndi zitsulo zammbali, ndipo amangitse kwa munthu odziwa chifukwa pa njinga imeneyi injini ndi mbali ya fulemu, mabauti ake si omangira mwa bola zalowa.

Tsopano pepala lachitatu, lakwathu. Mukachoka pa Mwanza kulowera ku Neno mvula itagwa, dothi lofiira lija limasanduka sopo, ndipo kumtunda ku Dambe kumene timalima tirigu ndi kachewere ndi miyala ndi zigwembe. Apa tayala la 21 kutsogolo ndi chilichonse, limakwera pamwamba pa dzenje mmalo mogweramo, limadula mchenga. NX500 ndi G 310 GS kutsogolo ndi 19 komanso malimu ake ndi achitsulo choumba opanda masipoko, ukamenya mwala mwamphamvu amasweka osati kupindika, nde mfumu ya pa N1 ija pano imayenda monyang'ama ngati mkwatibwi. Himalayan apa ndi kwawo, mashoko a Showa aja ndi abwino kuposa mtengo wake, ndinenetse, mabampu imameza osakutaya, ABS yakumbuyo, ija yoletsa tayala kukhukhuluzika ukagwira buleki, umatha kuzimitsa kuti tayala lizikhukhuluzika potsetsereka, ndipo mpando ndi mamilimita 825, ulipo wina otsikirapo wa 805, kutanthauza kuti ife a msinkhu wa Chimalawi phazi limafika pansi. Pa DR ndi pafupifupi 885, ine poima ndimachita kusakasaka chulu.

Koma makilo 196. Apa mpamene pagona nkhani yanga yonse. Chaka china ndikupita kumudzi pa Khisimisi ndinagwa pa kamtsetse kena mvula itangokata, kulakwa kwanga ndemwe ndinagwira buleki yakutsogolo ngati mwana ophunzira, njinga inagona mu ngalande matayala kumtunda, ine mwendo pansi pake. DR ndi makilo 166 okha koma kuphatikiza thanki yaikulu yodzadza ndi zikwama ndinalimbana nayo mpaka kuona nyenyezi masana, mapazi akungoterereka, pamapeto anandithandiza ndi amayi awiri ochokera ku chigayo, anatula ufa wawo pansi nkugwira kumbuyo, wina nkumati pepani achimwene koma chinjinga chonsechi mumafuna chani. Funso limenelo mpaka lero sindinaliyankhe. Nde onjezanipo makilo 30 pamenepo. Himalayan ikamayenda kulemera sikumveka, koma ikagona ndi makilo 196 ndithu, sitandi yake yammbali imaigoneka kwambiri moti olo kuidzutsa pa sitandi itanyamula katundu umachita kukokera mpweya. KLR ndiye kuposa apo, yatsopano ija imapitirira makilo 200 ndipo mafuta onse aja ali pamwamba. CRF300 Rally ndi makilo 153, imeneyo olo watopa umaidzutsa wekha, kungoti pa N1 ndi mahosipawa 27 ndi katundu uzipemphera.

Za zinjinga zikuluzikulu sinditaya nthawi. BMW R 1300 GS inatuluka chaka chomwecho cha 2023, mahosipawa 145, makilo 237, ndi makina odabwitsa ndipo azungu amene mumawaona pa Chitimba akukwera Golodi kupita ku Livingstonia ambiri amakhala pa ma GS, koma mtengo wake mutha kumanga nyumba ya malata ndi mpanda omwe. Yamaha Ténéré 700 ndi imene ndingagule nditawina mpikisano, 689cc mapisitoni awiri, yolimba, yopanda zamagetsi zambirimbiri, koma ndi yaitali ndipo olo yogwiritsidwa kale ntchito mtengo sutsika. Mfana wa delivery izi zisamusokoneze.

Matayala. Himalayan wamba imabwera ndi machubu, malimu a masipoko osafuna chubu alipo koma ndi ogula mwapadera. Anzanga kuno amati chubu ndi zachikale, zoona kuti tubeless ikaboola umangobaya kachingwe ka labala mphindi zisanu wapita pamene chubu ndi kumasula tayala lonse dzuwa likukuphika. Koma taganizani, ndi malo ati ku Malawi kumene kulibe munthu omata chubu? Pa tireding'i senta iliyonse pansi pa mtengo wa mango pali mkulu wa njinga zakapalasa ndi beseni la madzi ndi guluu, ameneyo chubu cha 21 amamata osafunsa kuti njinga yapangidwa kuti. Limu ikapindika pa dzenje tubeless imataya mpweya pamene ya chubu imapitirira. Ine ndimanyamula chubu chimodzi cha 21, zikavuta chimalowa ndi kumbuyo komwe nkukufikitsa pa tauni.

Nkhani yaikulu kuposa zonsezi ndi masipeya ndi amakaniko, ndipo ndi imene pa gulu paja palibe anaitchula. Njinga siifa tsiku logula, imafa tsiku limene kachinthu ka ndalama zochepa kasowa. Boxer ndi Lifo zinagonjetsa Malawi osati chifukwa ndi zabwino kuposa zonse koma chifukwa pisitoni yake mumaipeza mu okala pafupi ndi sopo ndi machesi. Njinga zonse ndatchula apazi palibe olo imodzi imene sipeya yake mungaipeze pa Mwanza boma, zonse ndi kuitanitsa kuno ku Joni nkupatsira adiraiva a basi, nde funso ndi loti ndi iti imene makaniko wa kabaza angaitsegule nkuimvetsa. DR650 sinasinthe kwenikweni kuyambira 1996, mkati mwake ndi Boxer yonenepa basi, mavalavu ake ndi a sikulu ndi nati, sipanala ndi kachitsulo koyezera mwamaliza. Himalayan yakale inalinso choncho ndipo nchifukwa chake anthu oyenda maiko anaikonda olo inali yaulesi. Yatsopanoyi ili ndi makamu awiri pamwamba ndipo mavalavu amatchunidwa ndi timashimu, tindalama tachitsulo tosiyana makulidwe, kuti usinthe umachotsa makamu ndipo kashimu ka saizi yoyenera ukhale nako. Kalaiti ka injini kakayaka pa dashibodi pamafunika makina owerengera kompyuta. Mmisiri wa pa Zalewa ndi waluso, ndamuonapo wina akuwotcherera kilankikesi yosweka nkuyendanso, koma sensa ya akisileta sangaiwotcherere.

Chinanso, njinga yakale matenda ake ndi odziwika ndipo mankhwala ake aliponso. KLR650 inayamba 1987, anaisiya 2018 nkuibweretsanso ya 2022 ili ndi injekishoni, ndipo aliyense okonza njinga amadziwa kachitsulo kena kokokera tcheni cha balansa mkati mwa injini kamene eni ake anakapatsa dzina loti doohickey, pa zakale zija umangosinthiratu usanapite ulendo nkuiwala. DR nayo timadziwa timasikulu tiwiri ta sensa ya nyutulo tofunika kumangitsa ndi guluu wa mabauti. Zimenezi zinadziwika chifukwa anthu masauzande anayenda nazo zaka makumi atatu, ena kuchoka Cape Town mpaka Cairo, nkumauzana. Injini ya Sherpa ndi khanda, ndipo ndi koyamba kampani imeneyi kupanga ya madzi. Sindikuti ndi yoipa ayi, zimene zabwera pa galaja pathu zabwerera sevisi wamba basi. Ndikungoti nkhuku yachilendo sitiiyamikira mazira tsiku logula, ndione kaye imodzi itakwanitsa makilomita 80,000 pa petulo wa mchigubu.

Nde mfana uja ndinamuuza chani? Ndinamuimbira foni poti pagulu panali phokoso. Ndinati mphwanga, ngati njingayo izikhala kuno ku Joni, uziyendera ku ntchito ndi ma wikendi, kumudzi kamodzi pachaka nkubwerera, gula Himalayan 450 usaope, pa ndalama imeneyo palibe yatsopano ina imene ikupatse thanki yotere, mashoko otere ndi tayala la 21 pamodzi, Himalayan yaigonjetsa kutali G 310 GS, KTM imaiposa liwiro koma osati mtendere wa paulendo, ndipo uli ndi waranti ndi dila pafupi. Ngati kwanu tara imafika pakhomo ndipo fumbi ndi la apo ndi apo, tenga Honda ya 500 olo yogwiritsidwa kale ntchito udzandithokoza. Koma ngati maganizo ako ndi oti ukaisiye kumudzi kapena ukubwerera konko kukakhazikika, usatengeke ndi kasikilini ka mapu, saka DR650 yosamalidwa bwino kapena KLR, ndalama yotsalayo ugulire tcheni, masipuloketi, mapadi a buleki, zingwe za kilatchi ndi mafyuluta odzadza katoni. Ndipo usaiwale kuti kuilowetsa kuti ikhale ya ku Malawi pali msonkho wa MRA, si zofanana ndi kungodutsa nayo pa TIP, chiphaso cholowetsera njinga kwa kanthawi, ngati mlendo, komanso laisensi yako ikhale ya code A osati A1 ya 125cc.

Anandifunsanso za katundu, kuti nanga mabulangete, sola ndi masipika a abale ndikaika pati. Ndinaseka. Ndinati aise ubwino waukulu wa kupita kumudzi pa njinga ndi umenewo, ukafika umangoloza kampando nkunena kuti taonani nokha malo analibe. Katundu tumiza pa basi sabata imodzi usananyamuke, pa njinga zikwama ziwiri zofewa, zida, madzi akumwa ambiri a ku Tete, basi. Ukamanga masutikesi atatu kumbuyo kutsogolo kumapepuka ndipo pa mchenga njinga imayamba kuvina yokha, olo ikhale ya mtundu wanji. Ndipo usiku osayenda, pakati pa Masvingo ndi Beitbridge abulu ndi ng'ombe zimagona pa tara, pakati pa Changara ndi Tete mbuzi ndi zosawerengeka.

Pempho langa kwa inu akonzi ndi loti mutipatseko ka tsamba ka zamainjini olo kamodzi pamwezi, mu Chichewa, kolembedwa ndi amisiri akumudzi konko. Anyamata a kabaza ndi ambirimbiri ndipo amagula njinga ndi ngongole pongomva kuti yakuti ndi yamphamvu, palibe amawayerekezera kuti Boxer, HLX, Lifo ndi King Lion iti imamwa bwanji, iti sipeya yake ndi yotchipa, iti fulemu imapirira matumba. Zimenezo ndi zofunika kuposa za Himalayan ndalembazi, kungoti ine za kumeneko ndimaziona kamodzi pachaka, alembe ndi a pa Ndirande ndi pa Mchesi amene amazitsegula tsiku lililonse.

Mfana uja pamapeto wasankha Himalayan yomweyo, akuti mtima wake unagwa kale pa mtundu wa thanki, nanga ine ndingatani. Tagwirizana kuti tinyamukira limodzi pa 18 Disembala mbandakucha, iye pa yatsopano ine pa gogo wanga, ndipo ndamuuza kuti asanalowere kwawo ku Mangochi akwere nane kaye mpaka ku Neno akadye nsima kwa mayi anga. Chingwe chokokerana ndagula kale, cha mamita asanu, chili mchikwama changa. Tikabwerako mu Januwale ndidzakulemberaninso kuti anakoka mnzake ndani.

Ine wanu,
Makaniko wa ku Neno
Germiston, South Africa